Mawu a Silva M'kamwa mwa Katuni

Mawu a Sylvester ndinawadziwa zaka zambiri ndisanaone nkhope yake. Aliyense amene anakhalako ku Mbayani masiku amenewo amawakumbukira, chifukwa ankatuluka pa sipika yomangirira kumtengo panja pa kanyumba koonetsera mavidiyo, kuyambira m'mawa mpaka magetsi atathima. Sylvester, yemwe tonse tinkangomuti Silva, anali womasulira mafilimu m'Chichewa. Mzungu akatsegula pakamwa pa kanema, m'kamwamo munkatuluka Silva. Mtchaina akalumpha mpanda, Silva ankatiuza kuti akuthawa apongozi ake, ife n'kumafa nazo.

Chingerezi cha m'mafilimu sankachimva kwenikweni, Chitchaina ndiye tisanene. Ankangoyang'ana nkhope, manja ndi kayendedwe ka munthu, basi n'kumupekera zoyankhula. Lamulo la ntchito yake linali limodzi lokha, loti osasiya malo achete. "Pakangoti zii, anthu amakumbukira kuti benchi ikuwawa," ankatero.

Ine ndine Zikani. Ndimakankha mabedi ndi odwala m'chipatala china muno mu Glasgow, ndipo mkazi wanga ndi ana ali ku Chileka. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, tikumwa tiyi m'holo, ndinamva munthu kumbuyo kwanga akudandaula kuti mabisiketi a kuno amakoma ngati katoni. Mawuwo anali a Silva. Ndinatembenuka kapu ili m'manja. Ndinkayembekezera chimunthu chachikulu, koma ndinapeza kabambo kakafupi, kadazi, kovala jekete lokulira. Pambali pake panaima mayi wamtali, wachete, amene anandipatsa moni mogwira pachigongono. Ameneyo anali Nelia, mkazi wake, namwino. Ndi ntchito ya Neliayo imene inawabweretsa kuno. Silva anapeza yake m'nyumba ina yosamalira okalamba, kuchipinda chapansi chochapira zovala, kumene amakhala tsiku lonse ndi makina anayi osayankha.

Mu Okutobala chaka chatha Nelia ananyamula masutikesi awiri n'kuchoka kunyumba kwawo ku Dennistoun kupita ku Shawlands, kwa mnzake Patricia. Kuno kulibe amalume, kulibe achimwene enieni, ndiye akulu ampingo anachita zongobwereka: ine ndikhale nkhoswe ya Silva, Patricia akhale nkhoswe ya Nelia. Nelia anapereka mawu ochepa kudzera kwa Patricia. Anati Silva amusiye mpaka Loweruka lomaliza la Febuluwale, osamuimbira foni, osamudikira pa geti la chipatala. Tsiku limenelo tidzakhala pansi anthu anayi, ndipo adzanena ngati akubwerera kapena ayi.

Monga nkhoswe, ndinamufunsa Silva kuti analakwa chiyani. Anatambasula manja.

"Achimwene, sindinamumenyepo. Mowa sindimwa. Chibwenzi ndilibe. Yunifomu yake ndimasita ndine, akamachoka ku shifiti amapeza ndaphika. Mundiuze inuyo."

Zonsezo zinali zoona, ndinafufuza. Ndiye ndisabise, ndinapsa mtima ndi Nelia. Mumtima ndinkati ndi matama a manesi akuno, akangoyamba kulandira mapaundi mwamuna amasanduka mpando wa m'nyumba. Ine amene mkazi wanga ndimamuona pa foni pokha, kuona munthu akutaya banja lili m'manja, zinkandinyansa.

Miyezi inayi imeneyo inamukulira Silva. Amakhala pamwamba penipeni pa nyumba zosanja zija zamiyala yofiira, kufupi ndi Duke Street, masitepe makumi asanu ndi limodzi. Nyengo yozizira kuno dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Ankachoka kuchipinda chapansi kuja kunja kuli mdima, n'kukwera masitepe, n'kutsegula chitseko cha nyumba yopanda womuyankha. Munthu amene Mbayani yense ankamumvera ankatha masiku atatu osayankhula ndi wina aliyense kupatula woyendetsa basi. Anandiuza kuti tsiku lina anadzipeza akumasulira nkhunda ziwiri zimene zinkakangana pa windo.

M'masiku amenewo ndi mmene anapezera makatuni a ku Japan pa intaneti. Ine ndinkadziwa kuti katuni ndi za ana, mphaka kuthamangitsa khoswe. Awa ayi. Awa amapangira akuluakulu, ndipo ambiri mulibe choseketsa. Muli anthu ooneka bwino, oyankhula motsitsa, amene amadyana mitu pang'onopang'ono mpaka wina osadziwanso dzina lake. Silva anawakonda pa zifukwa za ntchito yake. Pakamwa pa katuni pamangotseguka ndi kutsekeka, ndiye chiyankhulo chilichonse chimalowa bwinobwino. Chinanso, Ajapani amakonda kusiya chithunzi chitangoima, nkhope ya munthu ili duu, mvula ikugwa, popanda mawu. Kwa Silva amenewo anali malo aulere.

Anasankha nkhani ina ya magawo khumi ndi awiri. Anagula kamaikolofoni, n'kukhoma bulangeti pa chitseko cha kabati ya zovala kuti mawu asamveke phokoso. Mawu a Chingerezi amene amalembedwa m'munsi mwa kanema anawathimitsa. "Womasulira weniweni sawerenga," anatero, akudzigunda pamtima. Komanso sankaonera zakutsogolo. Ku Mbayani chimbale chinkafika m'mawa, masana chikhale chili pa kanema, ndiye anazolowera kumasulira chinthu akuchiona koyamba, kuti mawu atuluke ali otentha. Sabata iliyonse ankapanga gawo limodzi, ndipo Lamulungu masana ine ndinkakwera masitepe aja kukaonera. Gulu lonse la oonera linali ine ndekha, pa sofa ya anthu awiri.

Nkhani yake, mmene Silva ankaifotokozera, inali ya bambo wina wa magalasi, waukhondo, woleza mtima, amene anamutcha Bambo Chifundo. Mkazi wake, wojambula maluwa pa makapu, anamutcha Abiti Matama. Bambo Chifundo ankamubweretsera mkaziyo tiyi. Akamachoka ankakiya chitseko kunja, ndipo Silva ankati ndi chifukwa cha akuba. Foni ya mkaziyo ikalira ankayankha ndi bamboyo, poti mayi atopa. Alendo akabwera ankawabwezera pakhomo mwaulemu. Kenako ankakhala pambali pa mkazi wake, n'kumusisita tsitsi, Silva n'kutsitsa mawu mokoma:

"Waiwalanso, eti? Usadandaule, ine ndimakukumbukirira. Anzako aja amakuseka ukatembenuka, ine ndimawaona. Ndani angakumvetse ngati ine?"

Mkaziyo sankayankhula kawirikawiri. Chithunzi chinkangoima pa nkhope yake kwa nthawi yaitali, maso ali pansi. Apo Silva ankasintha mawu, n'kukhala aang'ono, onyada: "Hmm, tiyi ameneyu shuga wake ali kuti? Amuna a anzanga amagula magalimoto, wanga angodziwa kufulula tiyi." Ine ndinkaseka mpaka kutsokomola. Ndinali ndisanasekepo choncho chibwerereni kuno, ndipo ndikuganiza kuti ndinkapitanso kumeneko chifukwa kwanga kunali zii ngati kwake.

Cholinga chake anandiuza titafika gawo lachisanu. Ankafuna kuti akamaliza onse khumi ndi awiri, adzawaike pa kafulashi n'kumupatsa Nelia tsiku la mkumano. "Anandikonda chifukwa ndinkamuseketsa," anatero. "Akadzaseka, basi zatheka. Komanso adzadzionera yekha mmene munthu wosayamika amaonekera." Ine nkhoswe wanzeru ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Mu Januwale ndinakumana ndi Patricia pa siteshoni ya sitima mu tauni kuti tikonze za tsikulo. Patricia sazungulira. Ndinamufunsa chimene Nelia akudandaula kwenikweni, iye n'kundiuza za nkhuku.

Amayi achikulire a kuno akamayankhula ndi mkazi mnzawo mwachikondi amamutchula kuti "hen". Pa Chingerezi cha kusukulu mawuwo ndi nkhuku yathadzi, koma kuno ali ngati mmene ife timanenera kuti "mwanawe" kapena "achemwali". Atangofika kumene, Chingerezi cha Glasgow chinkamuvuta Nelia, monga chimativutira tonse. Silva anati iye akuchimva. Gogo wina wa nyumba yoyang'anizana ndi yawo ankamupatsa Nelia moni pa masitepe ndi mawu amenewo, ndipo Silva anamuuza kuti gogoyo akumunyoza, akumutcha nkhuku chifukwa cha miyendo yake. Patapita milungu Nelia anamva odwala akumutchula chimodzimodzi uku akumugwira dzanja, n'kubwera kudzamuuza mwamuna wake. Silva anati, "Odwala angatero mwachikondi. Koma gogo uja, wamva mmene amakwezera mawu kumapeto? Ine nkhope ndimaziwerenga, inali ntchito yanga." Zaka zitatu Nelia ankayamba wamvetsera pa chitseko asanatuluke, kuopa kukumana ndi gogo amene ankangomukonda.

"Ndiye munthu angathawe banja chifukwa cha nkhuku?" ndinatero.

Patricia anandiyang'ana ngati ndamuponda chala. "A Zikani, si nkhuku yokha. Amayi a ku tchalitchi akayamikira ndiwo zake, kunyumba amakauzidwa kuti amamuseka. Bwana wake akamulembera meseji, amamasulira ndi a Silva. Iye mwini akati watopa, amayankhidwa kuti chimene ukutanthauza n'chakuti wanditopa ine. Mtsikana uja anafika pomandifunsa ine ngati wakwiya kapena sanakwiye. Mtima wake womwe, kufunsa ine!"

Ndinabwerera osakhutira. Ndinkaonabe kuti ndi nkhani zing'onozing'ono, zoti anthu akhoza kukambirana n'kutha.

Kutatsala sabata imodzi kuti tikumane, Loweruka chakumasana, Silva anandiimbira. Sanayambe ndi nthabwala monga mwa masiku onse. Anangoti, "Achimwene, tabwerani. Gawo lomaliza likukana."

Ndinamupeza atakhala pansi pa kapeti, laputopu ili pa mpando, mahedifoni ali m'khosi. Anati wayesa kasanu ndi kamodzi. Anayatsa kanemayo popanda mawu ake, Chijapani chokhachokha.

Bambo wa magalasi uja anali atachoka. Mkazi anagwetsa kapu, ndipo potola zidutswa anaona thabwa lina la pansi likugwedera. Analitukula. M'munsimo munali bokosi. M'bokosimo munali makalata ambiri osatsegula, makiyi amene tinamuona akuwafunafuna m'gawo lachitatu, magalasi ake owerengera, ndi kabuku kake ka manambala a foni. Kenako kanemayo anabwerera m'mbuyo n'kutionetsa zimene sanationetse poyamba. Tinaona bambo uja akutenga makiyi patebulo n'kuika m'thumba, kenako n'kugwada kumuthandiza mkazi wake kufunafuna. Tinamuona ali pakhomo akuuza mnzake wa mkaziyo zinazake, mnzakeyo n'kubwerera akulira. Nkhope yake inali yomwe ija, yofatsa, yomwetulira pang'ono. Pomaliza mkaziyo anathyola loko ndi chitsulo n'kutuluka pamvula opanda nsapato, nyimbo n'kukwera. Bamboyo atabwera anapeza chitseko chili pululu, n'kukhala pansi, n'kuthira tiyi m'makapu awiri.

Panalibe njira yomupangira Bambo Chifundo kukhala munthu wabwino pamenepo. Ngakhale Silva, amene ankatha kusandutsa maliro kukhala ukwati, analephera.

"Tayatsani mawu a m'munsi aja," ndinatero. "Tiyambire gawo loyamba."

Tinaonera masana onse, tikudumpha malo ena, tikuimitsa kuti tiwerenge bwino. Mkazi uja, pa mawu ochepa amene ankayankhula, sanatchulepo shuga kapena galimoto. Ankati, "Ndikufuna nditulukeko panja." Ankati, "Ndikukumbukira kuti ndinawaika apa." Penapake anafunsa kuti, "Kodi ndikudwala mutu?" Silva sanalondole ngakhale chiganizo chimodzi cha mkaziyo m'magawo khumi ndi limodzi.

Koma za mwamunayo ndi zimene zinandiumitsa thupi. Pamene Silva anati "Waiwalanso, ine ndimakukumbukirira," m'munsimo munalembedwa kuti mkaziyo sakumbukira bwino zinthu, asiyire iye. Pamene anati anzako amakuseka, munalembedwa zomwezo. Pamene anati "Ndani angakumvetse ngati ine," mawu a Chingerezi anali oti palibe wina padziko amene angakumvetse. Munthu wosadziwa liwu limodzi la Chijapani anamasulira bambo ameneyo pafupifupi liwu ndi liwu.

Silva anatseka laputopu. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana bulangeti lija la pa kabati.

"Sindinawerenge, achimwene. Mukudziwa kuti sindinawerenge. Ndiye ndawadziwa bwanji?"

Yankho ankalidziwa yekha. Ndipo inenso manyazi anandigwira, poti ndinakhala pa sofa ija milungu khumi ndi umodzi ndikumuseka mkazi wotsekeredwa m'nyumba.

Kenako anayamba kuyankhula, koma osati ndi mawu a pa sipika aja. Anati makiyi sanabisepo. Koma chaka china anzake a Nelia a ku wodi anamutumizira meseji yomuitanira ku ulendo wokaona mapiri, Nelia ali kubafa. Silva anaifufuta. Lolemba lake Nelia atabwera akudandaula kuti anzake onse anapita osamuuza, iye anamuphikira tiyi n'kumuuza kuti, "Waona? Ndinkakuuza ine." Anati za gogo wa pa masitepe ankadziwa kuyambira sabata yachiwiri kuti si chipongwe.

"Chifukwa chiyani nanga?" ndinafunsa, ndipo ndinafunsa mokalipa.

"Ndinkaopa," anatero. "Kwathu anthu mazana ankakhala chete kumvera ine. Kuno ndikayankhula amati pardon. Nelia ankakwera pa ntchito, akuwamva azungu, akuseka nawo. Ine ndili pansi ndi makina. Anatsala ndi iye yekha wondimvera. Ndinkaona kuti akadzayamba kumva yekha zinthu, ine ndidzakhala wa chiyani?"

Ndinamumvera chisoni, komanso ndinkafuna kumuwomba khofi. Zonse ziwiri zinali mwa ine nthawi imodzi, ndipo mpaka lero sizinasiyane.

Loweruka lomaliza la Febuluwale tinakwera basi ya ku Shawlands. Kafulashi kaja sanatenge. Patricia anatilandira m'chipinda chochezera, n'kuika tiyi ndi masikono patebulo, koma palibe anakhudza. Nelia anakhala pafupi ndi windo. Anali atameta tsitsi, ndipo anandipatsa moni kuti, "Muli bwanji alamu," mwaulemu ngati kale.

Mwa mwambo ndinayenera kuyamba ndine, koma Silva anandigwira bondo. Ananena za meseji ija, za gogo uja, za amayi a ku tchalitchi, chimodzichimodzi, osakometsera. Anamutchula Nelia kuti "inu", chinthu chimene ndinali ndisanamumvepo akuchita. Anamaliza ndi kuti, "Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Pepani." Basi anatseka pakamwa.

Nelia anakhala chete nthawi yaitali kwambiri. Ndinkamva mabasi akudutsa mumsewu. Ndinaona zala za Silva zitakanikiza maondo, koma sanatulutse liwu.

"Za meseji ija ndinadziwa," Nelia anatero pomaliza. "Anzanga anandionetsa pa foni yawo kuti inafika. Koma mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaganiza kuti ndinaifufuta ndekha n'kuiwala. Ndinapita kwa dokotala, a Silva. Ine nesi, ndinakapempha kuti andiyeze mutu."

Anayankhula kwa nthawi ndithu, akuima, akuyambanso, ndipo palibe anamudula. Anati tsopano ali ndi kachipinda kakekake kuseri kwa paki. Anati akuphunzira kusambira Lachitatu lililonse ndi amayi achikulire, ndipo amamwa madzi ambiri kuposa amene amasambira. Anati asanasamuke anakagogoda kwa gogo uja kukatsanzika, gogoyo n'kulira, n'kumufunsa kuti anamulakwira chiyani zaka zonsezi. Silva ankamva zonsezi koyamba, inenso chimodzimodzi.

"Lero mwandimvetsera, ndipo ndathokoza," anatero. "Ndikuona kuti mwavutika kuti mukhale chete. Koma ngakhale panopa, inu muli chete choncho, m'mutu mwanga muli mawu anu. Akundiuza kuti sindikutanthauza zimene ndikunenazi, kuti ndangotopa, kuti Patricia wandinamiza. Ndimadzuka nawo, ndimapita nawo ku shifiti. Miyezi inayi iyi ayamba kuchepa pang'ono. Ndikabwerera m'nyumba ija adzakhala awiri, a m'mutu ndi a pa sofa, ndipo ine sindidzamvekanso. Sindikudana nanu. Koma sindibwera."

Patricia anayang'ana pansi. Ine monga nkhoswe ndinayenera kupempha kuti aganizirenso, kuti tipatsane mwezi wina, kuti banja ndi kupirira. Mawuwo ndinali nawo okonzeka kuyambira m'basi. Sindinawanene, ndipo sindikudandaula kuti sindinawanene.

Silva anaimirira, n'kuvala jekete lake lokulira lija. Anathokoza Patricia chifukwa cha tiyi amene sanamwe. Kwa Nelia anangoweramitsa mutu.

M'basi yosanja tinakhala pamwamba, mipando ya kutsogolo. Tinawoloka mtsinje, tinadutsa m'tauni anthu ali pikitipikiti ndi zogula za Loweruka. Titayandikira Dennistoun Silva anatembenuka.

"Achimwene, munamva zimene ananena?"

"Ndinamva."

"Anati sakudana nane, koma sabwera."

"Anatero."

"Sindinawonjezere kanthu? Sindinachotse?"

"Ayi. Mwanena mmene ananenera."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali kutsogolo. "Chabwino," anatero. "Ndimafuna nditsimikize."

Anandipempha kuti ndikwere nawo kumwamba tikamwe tiyi, koma ndinali ndi shifiti ya madzulo ndipo nthawi inali itatha kale. Anatsika yekha pa siteji yake. Basi isananyamuke ndinamuona ataima pakhomo la nyumba zija, akusinthasintha makiyi m'manja, osatsegula.